Kulowa digiri yachiwiri: funso, mabuku ndi minda ya ku Thuchila

Maphunziro a ukachenjede amagawidwa m'magawo atatu, ndipo ngakhale onse amachitikira pa yunivesite, ntchito imene wophunzira amayembekezeka kugwira pa gawo lililonse ndi yosiyana. Pa digiri yoyamba, imene kuno ku Malawi imatenga zaka zinayi m'maphunziro ambiri, wophunzira amalandira nzeru zimene ena anazipeza kale, amazimvetsa, kenaka amasonyeza pa mayeso kuti wazigwira. Digiri yachiwiri, imene anthu amaitchula kuti masitazi, kawirikawiri imatenga zaka ziwiri, chaka choyamba cha m'kalasi ndi chachiwiri cha kafukufuku, ndipo pamapeto pake wophunzira amayenera kupereka buku lakelake, lotchedwa thesis, lofotokoza funso limene anafunsa, njira imene anatsata poliyankha ndi zimene anapeza. Digiri yachitatu, ya PhD, imafuna zoposa apa, chifukwa zimene munthu wapezazo ziyenera kukhala zatsopano, zoti ziwonjezere pa zimene akatswiri a phunzirolo akudziwa. Choncho munthu wolowa masitazi amasintha udindo, kuchoka pa kuyankha mafunso a mphunzitsi n'kuyamba kufunsa funso lake yekha, ndipo mavuto ambiri a miyezi yoyambirira amachokera pa kusinthaku, ngakhale wophunzira amene akukumana nawo amaganiza msanga kuti mwina nzeru zamuchepera.

Kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna digiri yachiwiri ankayenera kutuluka m'dziko. University of Malawi inakhazikitsidwa mu 1964 ndipo inalandira ophunzira oyamba mu 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, Chancellor College isanasamukire ku Zomba mu 1973, koma ntchito yake yaikulu pa zaka zimenezo inali kusula aphunzitsi, alangizi ndi ogwira ntchito m'boma a madipuloma ndi digiri yoyamba, ndipo ofuna kupitirira apo ankapita ku Britain, ku America kapena ku Canada. Lero zinthu zinasintha. Mzuzu University inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1997, koleji ya zaulimi ya Bunda inakula n'kukhala LUANAR mu 2012, MUST inatsegulidwa ku Ndata m'boma la Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu: UNIMA ku Zomba, MUBAS imene kale inali Polytechnic, ndi KUHeS imene inaphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Palinso mayunivesite a mipingo ndi a anthu, monga Catholic University of Malawi ya ku Nguludi imene inatsegulidwa mu 2006. Kuchuluka kwa sukuluku ndi chifukwa chake munthu ayenera kuyamba watsimikiza, asanalipire ndi tambala yomwe, kuti maphunziro amene akufunawo ndi ovomerezedwa ndi National Council for Higher Education, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 kuti liziyang'anira sukulu za ukachenjede.

Dera la Thuchila, m'boma la Mulanje, limathandiza kuona bwino momwe nkhaniyi imakhalira kwa anthu ambiri. Deralo limatenga dzina ku mtsinje wa Thuchila umene umatsika kuchokera pa phiri la Mulanje n'kukathira mu Ruo, ndipo ndi dera la alimi ang'onoang'ono olima chimanga, nandolo, chinangwa ndi mbatata pa minda yochepa, poti kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma lonselo, pamene malo ena aakulu ndi phiri ndi minda ya tiyi. Ku Thuchila kuli ofesi ya ulangizi wa zaulimi, imene m'dongosolo la boma imatchedwa EPA ndipo ili pansi pa Blantyre ADD, kuli chipatala chaching'ono, kulinso masukulu. Wophunzira masitazi wochokera ku dera lotere sakhala kawirikawiri mnyamata kapena mtsikana wongomaliza kumene digiri yoyamba. Amakhala mlangizi, mphunzitsi wa sekondale, namwino kapena wogwira ntchito m'bungwe, amene wakhala zaka zingapo osagwira buku la sukulu, ali ndi banja ndi abale omudalira, ndipo kafukufuku wake adzamuchitira pakati pa anthu amene amamudziwa. Kudziwa dera kotereku ndi chuma chachikulu chimene wophunzira wobwera kuchokera kunja alibe, komanso ndi pamene pali msampha waukulu.

Miyezi yoyambirira

Chovuta choyamba ndi nthawi. Mayunivesite ambiri, pozindikira kuti ophunzira awo ndi apantchito, amaphunzitsa masitazi Loweruka ndi Lamlungu, kapena amasonkhanitsa ophunzira kwa masabata angapo otsatizana kenaka n'kuwabweza kuntchito kwawo ndi ntchito yoti akalembe. Kwa munthu wa ku Thuchila izi zikutanthauza maulendo a minibasi pa msewu wa Midima kupita ku Limbe ndi Blantyre, kapena kupitirira mpaka ku Zomba ndi Lilongwe, ndi malo ogona olipira pa masiku a m'kalasi. Masabata a m'kalasi savuta kwenikweni, chifukwa pali ndandanda ndi anzake omukoka. Ovuta ndi masabata a kunyumba, pamene palibe belu, ndipo maliro, misonkhano ya kuntchito, odwala ndi ulimi wa pakhomo zimadya tsiku lonse. Wophunzira amene sapatula maola okhazikika owerengera, ngakhale awiri okha m'mamawa anthu asanadzuke, n'kufotokozera banja lake momveka chifukwa chake, amapeza kuti akulemba ntchito ya mwezi wathunthu usiku umodzi, ndipo chizolowezi chimenechi, chimene chimatha kumupulumutsa m'chaka cha m'kalasi, chimamugwetsa m'chaka cha kafukufuku.

Chachiwiri ndi ndalama ndi zipangizo. Alipo amene amapeza thandizo la Commonwealth Scholarship, la Chevening, la Beit Trust limene limathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, kapena la RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa pa maphunziro a zaulimi umene likulu lake lili ku Kampala, koma ambiri amalipira okha kuchokera pa malipiro a pamwezi ndi ngongole. Cholakwika chofala ndi kuwerengera fizi yokha n'kuiwala mtengo wa kafukufuku, monga kulipira othandiza kufunsa mafunso, kabaza, kusindikiza mapepala ndi chilolezo, ndipo amene anakonza bajeti yawo kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anaona ndalama zawo zikuperewera pakati pa njira. Magetsi nawo ndi osadalirika, monga zinaonekera kwa miyezi yambiri namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Motero kusunga ntchito m'malo awiri kapena atatu, pa laputopu, pa fulashi ndi pa intaneti, ndi gawo la luso la maphunziro, pakuti yunivesite siimvera chisoni munthu amene machaputala ake apita limodzi ndi kompyuta yobedwa.

Kupeza funso

Kafukufuku amayamba ndi pulopozo, chikalata chofotokoza vuto, funso, zimene ena analembapo ndi njira imene wophunzira adzatsate, ndipo apa ndi pamene ambiri amakhala nthawi yaitali kuposa momwe amayembekezera. Mlangizi wa ku Thuchila akafunsidwa chimene akufuna kufufuza amayankha mwina kuti ulimi wa nandolo, kapena umphawi wa alimi, kapena kusintha kwa nyengo. Zonsezi ndi nkhani zenizeni, koma palibe imene ili funso, chifukwa palibe umboni umene munthu mmodzi angasonkhanitse m'miyezi itatu n'kunena kuti wayankha. Funso la kafukufuku limatchula anthu, malo, nthawi ndi chinthu choyezeka kapena chofotokozeka. Pa nkhani ya nandolo, mwachitsanzo, zimadziwika kuti msika waukulu wa mbewuyi ndi India, kuti dzikolo litaika malire pa nandolo wolowa kumeneko mu Ogasiti 2017 mitengo inagwa kwambiri kuno, ndi kuti mu 2021 maiko awiriwa anagwirizana zoti Malawi azigulitsa matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu. Kuchokera apa munthu angafunse ngati alimi amene ali m'makalabu ndi m'makopaletivu anagulitsa pa mtengo wosiyana ndi amene anagulitsa kwa mavenda m'nyengo inayake, kapena ngati mabanja anachepetsa malo a nandolo mitengo itagwa, kapena kuti ndani pabanja amasunga ndalama za mbewuyi pamene yasanduka yamalonda. Lililonse la mafunsowa ndi lokwanira masitazi payekha. Ntchito yosankha funso limodzi ikufanana ndi kupatulira mbewu pa phando, pamene mlimi amazula zina zabwinobwino kuti yotsalayo ikule.

Kusiya mafunso enawo kumawawa, makamaka kwa munthu amene amaona mavuto onse a deralo tsiku ndi tsiku ndipo amafuna kuti buku lake liwakhudze onse. Ntchemberezandonda zimene zinafika m'minda ya chimanga m'nyengo ya 2016 ndi 2017, makuponi a feteleza kuyambira pa FISP mu 2005 mpaka AIP mu 2020, kugumuka kwa nthaka ndi madzi osefukira a namondwe Freddy mu Malichi 2023, kutha kwa mkungudza pa phiri, zonsezi zimalowana m'moyo wa mlimi mmodzi. Koma buku limene lagwira zonse silitsimikiza chilichonse, ndipo funso lochepa loyankhidwa bwino limathandiza deralo kuposa mutu waukulu wodzaza ndi zimene aliyense akudziwa kale.

Kuwerenga motsutsa

Luso limene limatenga nthawi yaitali kukula ndi la kuwerenga. Sukulu za m'dziko muno, kuyambira ku pulayimale, zimaphunzitsa mwana kuti zolembedwa m'buku ndi zoona ndipo ntchito yake ndi kuzibwereza, pamene mwambo wa pakhomo umamuphunzitsa kuti kutsutsa wamkulu pamaso ndi mwano. Makhalidwe awiriwa akakumana pa masitazi amabala chaputala chimene chimangondandalika kuti wakuti ananena zakuti, wina ananena zakuti, popanda mwini buku kuonetsa maganizo ake. Chimene oyesa amafuna pa chaputala cha zolemba za ena ndi china: kusonyeza pamene olemba akugwirizana, pamene akutsutsana, chifukwa chimene akutsutsirana, ndi mpata umene wasiyidwa woti kafukufuku watsopano alowepo. Kuti afike apo, wophunzira amayenera kufunsa nkhani iliyonse mafunso omwewo amene iye adzafunsidwa: anafunsa anthu angati, anawasankha bwanji, kunali kuti, chaka chanji, ndipo kodi umboniwo ukukwanira kunyamula mfundo imene wolemba wamanga pamwamba pake? Kunena kuti zimene pulofesa wotchuka anapeza ku Kasungu, kumene minda ndi yokulirapo ndipo mbewu yamalonda ndi fodya, sizingangotengedwa n'kuikidwa pa Thuchila si chipongwe ayi, ndi ntchito imene wophunzira analembetsera.

Zitsanzo za kuwerenga ndi kufufuza kotere zilipo pafupi. Megan Vaughan, m'buku lake la mu 1987 lonena za njala ya mu 1949 m'dera la Blantyre, anaika zolemba za boma la atsamunda pambali pa zimene amayi ankakumbukira ndi kuimba pa mtondo, ndipo anaonetsa kuti njalayo inagwera amayi ndi abambo mosiyana. Landeg White, m'chaka chomwecho, anatulutsa mbiri ya mudzi wa Magomero m'boma la Chiradzulu, ndipo Pauline Peters anatsatira mabanja a m'midzi ya ku Zomba kuyambira mu 1986 kwa zaka zambiri pofufuza za malo ndi chakudya pakati pa anthu a chikamwini. Wophunzira wa ku Mulanje akawerenga mabuku otere amazindikira kuti midzi yonga yakwawo inafufuzidwapo mozama, ndi kuti iye sakuyambira pa chabe.

Kupeza zowerenga sikulinso kovuta ngati kale, ngakhale bandulo ya intaneti ndi yodula. Malaibulale a mayunivesite, kudzera mu mgwirizano wawo wa MALICO ndi mapulogalamu a Research4Life monga Hinari ya zaumoyo ndi AGORA ya zaulimi, amatsegulira ophunzira magazini a akatswiri amene munthu payekha sangathe kulipira, ndipo African Journals Online imasonkhanitsa magazini a mu Africa, kuphatikizapo Malawi Medical Journal. Ku Zomba kuli National Archives ndi National Statistical Office, ndipo ku Mimosa m'boma la Mulanje lomwelo kuli Tea Research Foundation of Central Africa. Chovuta tsopano ndi kusankha, chifukwa pa intaneti padzaza magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse munthu akalipira, osachipereka kwa akatswiri ena kuti achiunike, ndipo wophunzira wongoyamba sawasiyanitsa ndi enieni pokhapokha atafunsa wa ku laibulale. Safunsa anadya phula.

Pamodzi ndi kuwerenga pamabwera mwambo wotchula gwero. Mfundo iliyonse yotengedwa kwa wina iyenera kutchulidwa mwini wake ndi chaka, motsata kalembedwe kamene dipatimenti yasankha, monga ka APA kapena ka Harvard, ndipo mapulogalamu onga Zotero ndi Mendeley amasunga magwerowa ngati munthu wayamba kuwagwiritsa ntchito kuyambira sabata yoyamba. Kutenga mawu a wina n'kuwaika ngati ako ndi mlandu umene ungachotsetse munthu sukulu, ndipo mayunivesite amagwiritsa ntchito mapulogalamu onga Turnitin kuti awagwire. Ambiri ogwa mu mlanduwu sanali ndi mtima wakuba. Anakopera ziganizo m'kope lawo osalemba kumene zachokera, kapena anaopa kuti Chingerezi chawo sichingafanane ndi cha wolembayo, koma chilango sichiyang'ana zimenezo. Kuchokera mu Novembala 2022, pamene ChatGPT inatulutsidwa, pabweranso yesero lina, loti makina alembere munthu ndime zosalala, nthawi zina zotchula mabuku amene kulibe. Wophunzira amene wadalira zimenezi amaonekera poyera tsiku loteteza buku lake, pamene afunsidwa kufotokoza ndi pakamwa pake zimene sanaziganizepo.

Woyang'anira kafukufuku

Wophunzira aliyense amapatsidwa mphunzitsi mmodzi kapena awiri omuyang'anira, amene ophunzira amangowatchula kuti a supavaiza. Aphunzitsi a PhD ndi ochepa poyerekeza ndi ophunzira, ndipo mmodzi amakhala ndi makalasi, misonkhano, kafukufuku wake ndi ophunzira ambiri nthawi imodzi. Ulemu umene wophunzira amapereka kwa a Dokotala kapena a Pulofesa ndi woyenera, koma ukafika poti munthu aope kukumbutsa za chaputala chimene anatumiza miyezi iwiri yapitayo, kapena avomere ndemanga imene sanaimvetse, umasanduka chopinga. Amene amayenda bwino ndi amene amagwirizana ndi supavaiza wawo masiku okumana, amatumiza zolemba zisanafike pokongola, amalemba mwachidule zimene agwirizana pa msonkhano uliwonse, ndipo amayankha ndemanga imodziimodzi, kusonyeza pamene asintha ndi pamene sanasinthe ndi chifukwa chake. Pepala lobwerera lofiira ndi inki ndi umboni woti wina waliwerenga mosamala.

Kulowa m'mudzi

Asanafunse munthu aliyense funso, wofufuza amayenera kupeza chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku savulaza anthu. Pa zaumoyo pali National Health Sciences Research Committee ndi COMREC ya ku KUHeS, ndipo pa za chikhalidwe ndi moyo wa anthu pali komiti ya pansi pa National Commission for Science and Technology ndi makomiti a mayunivesite. Mfundo zake ndi zakale, zochokera pa mgwirizano wa Helsinki wa mu 1964: munthu auzidwe cholinga m'chinenero chimene akumva, avomere mwaufulu, akhale ndi ufulu wokana kapena kusiya pakati, ndipo dzina lake lisungidwe mwachinsinsi. Pambuyo pa kalata ya komiti pamabwera makalata ndi maulendo ena, kwa bwanamkubwa wa boma, ku ofesi ya zaulimi kapena zaumoyo, kwa mfumu yaikulu, kwa gulupu ndi kwa nyakwawa. Wophunzira wofulumira amaona ngati uku ndi kutaya nthawi, koma anthu a ku Mulanje ndi Phalombe akukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017, pamene anthu angapo anaphedwa pongoganiziridwa ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'mabomawa kwa kanthawi. Mlendo woyenda ndi chikwama ndi zipangizo zachilendo, wolemba maina a anthu mfumu isakudziwa, amaika pangozi moyo wake ndi wa omuthandiza.

Mwana wa m'deralo alibe vuto la kukayikiridwa motere, koma ali ndi lake. Mlangizi amene anthu amamudziwa kuti ndi amene amalemba maina a olandira zipangizo zotsika mtengo akafika ndi pepala kufunsa za zokolola, mlimi amaganiza kuti kalembera wa thandizo wayamba, ndipo amatchula matumba ochepa kuposa amene anakolola. Akafunsidwa ngati amatsatira ulimi wa mtayakhasu kapena kupanga manyowa, amavomera kuti asakhumudwitse alangizi. Namwino wofunsa za kulera kapena za kumwa mankhwala amalandira mayankho a mtundu womwewo. Palinso chizolowezi chopita kwa alimi achitsanzo ndi a m'makalabu, amene ali pafupi ndi msewu ndipo amalankhula momasuka, n'kusiya amasiye, okalamba ndi oyenda pa ganyu amene sapezeka pakhomo masana. Ichi ndi chifukwa chake mabuku a kafukufuku amalimbikira zosankha ofunsidwa mwa maere kuchokera pa mndandanda wa mabanja onse a m'mudzi, kuti aliyense akhale ndi mwayi wofanana wosankhidwa, ndiponso chifukwa chake mlangizi wanzeru amatuma ena kukafunsa m'sekishoni yake iye n'kupita kumene sadziwika. Choopsa kuposa zonse ndi kulowa m'mudzi uli ndi yankho kale. Munthu amene wagwira ntchito zaka khumi pamalo amakhulupirira kuti akudziwa chifukwa chimene alimi amakanira njira inayake, ndipo mosazindikira amakonza mafunso amene angomubwezera chikhulupiriro chakecho. Mankhwala ake ndi kulemba pasadakhale chimene akuyembekezera kupeza, ndi umboni umene ungamusonyeze kuti walakwa, kenaka n'kuufunafuna umboniwo moona mtima.

Mapepala a mafunso okopedwa kuchokera ku maiko ena amakhalanso ndi zolingalira zimene sizigwirizana ndi moyo wa kuno. Ambiri amayamba ndi kufunsa mutu wa banja, poganiza kuti mwamuna ndiye mwini munda ndi wolamula zonse. Ku Thuchila, monga m'madera ambiri a Alomwe, Amang'anja ndi Ayawo, ukwati wofala ndi wa chikamwini, mwamuna amakakhala kwa mkazi, munda umadutsa ku mbali ya amayi, ndipo pa nkhani za malo mawu a mwinimbumba amalemera. Wofufuza wofunsa mkamwini za tsogolo la munda, kapena chifukwa chimene sanabzalemo mitengo, angakhale akufunsa munthu amene si woyenera kuyankha. Miyeso nayo imafuna kusamala. Mlimi amawerengera zokolola m'matumba, m'ndowa, m'madengu kapena m'ngolo, chimanga china chosatonola, china chinadyedwa chachiwisi, nandolo wina anathyoledwa wamuwisi kukhala ndiwo, ndipo munda umodzi muli mbewu zitatu kapena zinayi zosakaniza. Ofufuza a World Bank, poyerekeza zimene alimi amanena ndi zimene makina a GPS amayeza m'maiko angapo a mu Africa kuphatikizapo Malawi, anapeza kuti eni minda yaing'ono amakonda kutchula malo okulirapo kuposa enieni, zimene zimasokoneza chiwerengero cha zokolola pa ekala. Wophunzira amene sayesa mafunso ake pa mabanja ochepa asanayambe, ndiponso sayeza ndowa ndi thumba pa sikelo kuti adziwe makilogalamu ake, amabwerera ndi manambala amene pulogalamu ya pa kompyuta yonga SPSS, Stata kapena R idzawawerengera mokhulupirika n'kutulutsa yankho labodza.

Nyengo imalamulanso ntchito. Kuyambira Novembala mpaka Malichi anthu ali kumunda ndi ku ganyu, misewu ya fumbi imaterera ndipo mitsinje imadzaza, pamene Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala imene kukhazika munthu pansi maola awiri ndi kumulanda chakudya cha tsikulo. Wofunsa za chakudya mu Meyi, chimanga chili m'nyumba, amamva zosiyana ndi wofunsa mu Febuluwale, ndipo wofufuza za malonda a nandolo ayenera kukhalapo m'miyezi ya chilimwe pamene mbewuyo ikukololedwa ndi kugulitsidwa. Kalendala ya yunivesite siitsata zimenezi, choncho kuchedwa kwa mwezi umodzi pa chilolezo kungathe kutayitsa munthu chaka chathunthu.

Kulemba ndi kuteteza

Ambiri amene samaliza masitazi amakhala atakhoza mayeso onse a m'kalasi ndipo ena atasonkhanitsa kale deta, koma buku silituluka. Abwerera kuntchito, anzawo a m'kalasi abalalika, ndipo akudikira mwezi wopanda zochita woti adzalembe, umene sufika. Kulemba kwa ukatswiri kumakula pochita pang'onopang'ono masiku ambiri, ndime imodzi yonyamula mfundo imodzi ndi umboni wake, ndipo kumafuna kuti munthu asiyanitse zimene wapeza ndi zimene akuganiza kuti zikutanthauza. Chingerezi chimene oyesa amayamikira ndi chomveka, cha mawu wamba oikidwa pamalo pake, ndipo wophunzira amene angathe kufotokozera mnzake wa kuntchito m'Chichewa, m'ziganizo zitatu, chimene wapeza ndi chifukwa chake chili chofunika, amakhala wafika poti n'kulemba chaputala chomaliza. Magulu a anthu atatu kapena anayi owerengerana zolemba, ngakhale pa WhatsApp, amathandiza kwambiri pa nthawi imeneyi, chifukwa amabwezeretsa tsiku loti ntchito iperekedwe limene linatha pamene makalasi anatha.

Buku likaperekedwa limawerengedwa ndi oyesa a pa yunivesite pomwepo ndi wina wochokera kunja, kenaka wophunzira amaitanidwa kukaliteteza pamaso pa gulu la aphunzitsi, ndipo kawirikawiri amapatsidwa zoti akakonze asanalandire digiri. Mafunso ovuta pa tsikulo amakhudza malire a kafukufuku: midzi imene sanafikeko, anthu amene anakana kuyankha, ndi zimene udindo wake m'deralo unachita pa mayankho. Woteteza amene analemba yekha malirewa m'buku lake amayankha mosavuta. Pakatha apo pamatsala ngongole imodzi imene malamulo a digiri saiumiriza kwenikweni koma anthu ofunsidwa amaikumbukira, poti midzi yambiri ya m'chigawo cha kummwera yalandira ofufuza kambirimbiri osamvanso chimene chinatuluka. Tsamba limodzi kapena awiri a m'Chichewa operekedwa ku ofesi ya EPA, ku komiti ya chitukuko ya m'dera ndi kwa mafumu amene anapereka chilolezo, ndi msonkhano umodzi wofotokozera alimi kuti mitengo ya mavenda ndi ya kopaletivu inasiyana motani, zimatenga masiku ochepa ndi ndalama zochepa, ndipo ziyenera kulembedwa mu bajeti ya pulopozo kuyambira pachiyambi.